Mkono wa Galamafoni ndi Kamutu Kake

Anzanga, m'nyumba zambiri mukali mbale zakale za nyimbo, zina za Gallotone zimene agogo athu anadza nazo pochokera ku Joni. Mbale yotere ikaonongeka, kuipezanso nkovuta ndithu. Koma chimene chimaononga mbale si dzuwa ndi fumbi zokha ayi. Singano yoikidwa pa mkono wosayenerana nayo imaononganso. Tsono tiyeni tiphunzire m'mene tingasankhire kamutu katsopano koyenera mkono wa galamafoni.

Poyamba tidziwe ziwalo zake. Mkono ndiwo umene umayenda pamwamba pa mbale. Ku nsonga kwake kuli kamutu, kamene amalonda amakatcha katiriji. Pansi pa kamutuko pali kandodo kakang'ono, ndipo pa nsonga ya kandodoko pali singano ya dayamondi. Kandodoko kagwidwa ndi kamphira, kotero kuti singano imatha kugwedezeka potsata mzere wa m'mbale. Kamphira kameneka musakaiwale, pakuti phunziro lathu lonse lagona pa iko.

Emile Berliner analembetsa galamafoni yake ku boma la America m'chaka cha 1887. Magalamafoni opukusa ndi manja amene anatsatira anali ndi mitu yolemera, yopsinja mbale ndi magalamu oposa 100, ndipo singano yachitsulo inkasinthidwa mbale ikatha mbali imodzi. Mu 1948 kampani ya Columbia inatulutsa mbale zoimba nthawi yaitali, za mizere yopyapyala, ndipo mu 1958 kunafala mbale za sitiriyo. Mbale zimenezi sizingapirire katundu wotero. Timitu tambiri ta masiku ano timapsinja ndi magalamu 2 okha kapena kuchepera apo.

Yesani ichi nokha. Mangani mwala ku mphira wa legeni, muukokere pansi ndi kuutaya. Mwala wolemera udzakwera ndi kutsika pang'onopang'ono. Wopepuka udzatero msangamsanga. Mukatenga mphira wolimba koposa, mwalawo udzafulumiranso. Chimodzimodzi mkono ndiwo mwala, kamphira ka m'kamutu ndiwo mphira wa legeni, ndipo ziwirizi pamodzi zili ndi liwiro lawo la kanjenjemeredwe.

Akatswiri amafuna kuti kunjenjemeraku kukhale pakati pa ka 8 ndi ka 12 pa sekondi imodzi. Chifukwa chake nchiyani? Mbale yopindika imakankha mkono kosaposa ka 6 pa sekondi, ndipo mawu otsikitsitsa amene khutu limamva amayambira pa ka 20. Mkono wolemera pa kamphira kofewa udzavina pamodzi ndi kupindika kwa mbale, ndipo singano idzalumpha ndi kukanda mizere. Mkono wopepuka pa kamphira kolimba udzanjenjemera pafupi ndi mawu a besi ndi ng'oma, ndipo nyimbo idzamveka yosokonezeka. Lamulo ndi ili: mkono wolemera ufuna kamphira kolimba; mkono wopepuka ufuna kamphira kofewa.

Tsopano tichite masamu. Opanga amalemba m'kabuku kulemera kwa mkono monga momwe singano imakumvera. Si kulemera kwa pa sikelo ayi. Amalembanso nambala ya kufewa kwa kamphira, ndipo nambalayo ikakula ndiye kuti kamphirako nkofewa.

1. Phatikizani magalamu a mkono, a kamutu ndi a timisomali tomangira.
2. Chulukitsani yankholo ndi nambala ya kufewa.
3. Pezani sikweya ruti yake.
4. Gawani 159 ndi sikweya rutiyo.

Tinene kuti mkono ndi magalamu 10, kamutu ndi timisomali 6, kufewa 16. Tiphatikiza nkupeza 16. Tichulukitsa ndi 16 nkupeza 256. Sikweya ruti ndi 16. Tigawa 159 ndi 16 nkupeza pafupifupi 10. Ziwirizi zayenerana. Koma kulemera konse kukakhala 25 ndi kufewa 25, yankho liposa 6 pang'ono chabe, ndipo mbale zili pangozi. Kulemera kukakhala 10 ndi kufewa 10, yankho lifika pafupi ndi 16. Apo tingakonze poonjezera kachitsulo kolemera pa nsonga ya mkono. Chenjeraninso kuti makampani ambiri a ku Japan amayesa kufewa pa ka 100 pa sekondi, osati pa ka 10, ndipo nambala yawo iyenera kuchulukitsidwa pafupifupi kawiri tisanaigwiritse ntchito.

Taonani timitu tiwiri totchuka. Shure V15 ya ku America, imene inatuluka mu 1964, inali yofewa kwambiri, yopsinja pafupifupi galamu imodzi, ndipo inkafuna mkono wopepuka. Denon DL-103, imene inapangidwira nyumba ya wailesi ya NHK ku Japan m'zaka za m'ma 1960, njolimba, imapsinja magalamu 2.5, ndipo ikondwera ndi mkono wolemera. Tonse tiwiri ntabwino, koma mukatisinthanitsa mikono, palibe kamene kadzaimba bwino.

Mawu amodzi pa mbale zakale zozungulira ka 78 pa mphindi. Mizere yake njotakata pafupifupi katatu kuposa ya mbale zatsopano, choncho zifuna singano yakeyake yonenepa. Singano yopyapyala imagwa pansi pa mzere nkumangokokota phokoso.

Potsiriza, anzanga, musakopeke ndi mtengo wokwera kapena bokosi lonyezimira, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Musanatulutse ndalama, funani kabuku ka mkono wanu, tengani pensulo, ndipo chitani masamu anayi aja. Ndipo nali funso la kwa inu: mkono wa magalamu 12 ndi kamutu ka magalamu 8, kufewa 20, kodi ziyenerana? Bwerani ndi mayankho anu kwa akonzi a magazini ino.