Tsitsi la Amayi Lathothoka

Azakhali,

Amayi anga ondibala anawapeza ndi khansa ya bere ku chipatala cha St Francis ku Katete, ndipo anawatumiza ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, kumene alandira kawiri mankhwala a m'diripi otchedwa kemo. Tsopano tsitsi lathothoka, akusanza, m'kamwa muli zilonda. Amalume akuti mankhwalawo ndi chiphe, tiwaleketse, tipite nawo kwa sing'anga. Ku Lusaka ndinawaperekeza ndine. Kodi ndinalakwa?

Wosweka mtima, Sinda

Mwana wanga,

Sunalakwe, ndiponso amalume ako usawayese adani, pakuti munthu amene waona mlongo wake, yemwe anayamwa naye bere limodzi, atabwerako ku Lusaka mutu uli mbee ndi thupi litafooka, sangalephere kunthunthumira. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Mankhwala ameneŵa amasaka timaselo timene timachulukana msanga, monga ta khansa. Ndipo popeza mizu ya tsitsi, khungu la m'kamwa ndi la m'matumbo, pamodzi ndi mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi, nazonso zimakula mwa njira yomweyo, zimapsa nawo monga udzu wa m'mphepete mwa lupsa. Tsitsi lidzameranso akatsiriza mankhwala, choncho agulire duku labwino, usalire nalo.

Chimene ndikuopa ine, chomwe sichioneka ndi maso, ndi ichi: pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 atalandira diripi, asilikali a m'magazi amachepa kwambiri, kotero kuti kachirombo kamene iwe sungakamve kangathe kugwetsa amayi ako. Thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena akayamba kunjenjemera, usadikire kuti kuche; thamanga nawo ku chipatala cha Nyanje kapena ku St Francis usiku womwewo, unene kuti ali pa kemo. Asakhale pafupi ndi odwala chifuwa, amwe madzi owiritsa, adye phala lofewa pang'onopang'ono, achukuche m'kamwa ndi madzi a mchere wochepa, ndipo mankhwala oletsa kusanza uwapemphe kwa adokotala mopanda manyazi. Zitsamba zisalowe m'kamwa mwawo adokotala asanadziwe, chifukwa zina zimalemetsa chiwindi chimene chatopa kale.

Tsiku lobwerera ku Lusaka lisaphonyedwe, pakuti khansa imaphukanso ikapatsidwa mpata. Ndipo popeza amalume ndiwo mwini mbumba, upite kwa iwo mwaulemu, ugwade, uwapemphe kuti ulendo wachitatuwu akwere nanu basi, akafunse okha adokotala zonse zimene zikuwasautsa.

Ine Azakhali ako