KACHITSULO KOSWERA AYEZI KA KU JAPAN

Anzanga, musathamangire kukandinenera kwa aphunzitsi aakulu kuti ndayamba kulemba za m'mabala. Nkhani yanga ndi ya chitsulo, ndipo ikuthandizani pa Physics ndi Chemistry.

M'mabala ena a ku Tokyo, ku Japan, ayezi amabwera ali chibuma chachikulu ngati njerwa. Wogulitsa zakumwa amatenga kachitsulo kosongoka, kooneka ngati msomali wautali wokhala ndi chigwiriro cha mtengo, n'kumagogoda ayeziyo ali m'manja mpaka atabulungira ngati mpira. Tizitsulo tina timakhala ndi nsonga imodzi, tina zitatu ngati foloko. Nanga avutikiranji kubulungiza? Pa zinthu zonse zofanana kukula, mpira ndi umene uli ndi surface area yochepa. Ndiye umachedwa kusungunuka, chakumwa chimazizira koma osasukuluka msanga.

Vuto lili pa kachitsuloko. Kakakhala kofewa, nsonga imabuntha kapena kupindika. Kakauma kwambiri kamathyoka, kachidutswa n'kugwera m'tambula ya munthu. Luso la wosula ndi kupeza pakati pa ziwirizi.

Wosula amaotcha chitsulo chokhala ndi kaboni mpaka chitafiira, n'kuchimenya ndi nyundo kuti chitenge maonekedwe amene akufuna. Kenako amachiotchanso kufika pafupifupi madigiri 800, n'kuchiviika msangamsanga m'madzi kapena m'mafuta. Apa chimauma gwa, koma sichichedwa kusweka, ngati galasi. N'chifukwa chake amachibwezera pamoto wochepa, wa madigiri 200 kapena kuposerapo, kuti kuumako kuchepeko pang'ono ndipo chizipirira kumenyedwa. Akatero amanola nsonga n'kuika chigwiriro. Popeza kachitsuloka kamakhalira kunyowa, ena amagwiritsa ntchito chitsulo chosachita dzimbiri, chomwe chimakhala ndi chromium wosachepera 10.5 peresenti.

Dera lotchuka ndi ntchito zotere ndi la matauni awiri oyandikana, Tsubame ndi Sanjo, m'chigawo cha Niigata. Chimene chinandigwira mtima ndi mmene anayambira. M'zaka za m'ma 1600 anthu akumeneko anali alimi a mpunga, koma mtsinje wa Shinano unkasefukira kawirikawiri n'kuwaonongera mbewu. Pofuna popezera chakudya anayamba kusula misomali pakhomo. Msika unalipo ku Edo, kumene lero ndi Tokyo, chifukwa nyumba zake zinali zamatabwa ndipo zinkapsa kawirikawiri.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunabwera misomali yapamakina yotchipa, malonda awo n'kufa. Koma luso linali litakhazikika kale m'manja. A ku Sanjo analimbikira mipeni, mazenga ndi zida za akalipentala. A ku Tsubame analimbikira ziwiya zamkuwa, kenako masupuni ndi mafoloko. Kumeneko kuli malo osulira otchedwa Gyokusendo, omwe anayamba mu 1816 ndipo mpaka lero amapanga ketulo pomenya chitsulo chamkuwa ndi nyundo. Masiku ano masupuni ndi mafoloko achitsulo opitirira 90 pa 100 alionse opangidwa ku Japan amachokera ku Tsubame, ndipo zida zambiri za m'mabala zimapangidwanso komweko.

Nditamva zimenezi ndinachita manyazi. Amalume anga amasula nkhwangwa ndi zikwanje kuchokera ku masipuling'i a galimoto zakufa. Loweruka akandituma kupukusa mvukuto ndimazemba, kuopa kuti wina wa pasukulu pano andiona ndili bii ndi makala. Chonsecho zimene amachita, kuotcha, kumenya, kuviika ndi kubwezera pamoto, ndi zomwezija za ku Sanjo. Alibe chopimira kutentha, amangoyang'ana mtundu wa chitsulo basi. Tonse pano timakalowa m'kalasi titadya nsima yolimidwa ndi khasu, koma wosula timamuseka.

Loweruka lino ndikapukusa mvukuto ndili ndi kope pambali. Amene akufuna tipitire limodzi andipeze pa buleki.

Mafunso oti muyankhe musanachoke pabolodi pano:
1. N'chifukwa chiyani ayezi wobulungira amachedwa kusungunuka?
2. Chingachitike n'chiyani wosula akaviika chitsulo m'madzi koma osachibwezera pamoto?

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2