Phunziro la pa Msika wa Lizulu

Munthu woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Ntcheu kunka ku Dedza amafika pamalo pamene msewuwo ndiwo malire a maiko awiri: kuvuma kuli Malawi, kuzambwe kuli Mozambique. Pamenepo ndi pa Lizulu, mudzi wa Inkosi ya Makosi Gomani, ndiponso msika womveka m'dziko lonse lino.

Angoni a kwa Maseko, atatha maulendo awo aatali, adadzakhazikika kuphiri la Domwe, m'dziko limene tsopano litchedwa Angónia. M'chaka cha 1891 Angelezi ndi Apwitikizi adagawana dzikolo, osafunsa eni ake, ndipo mtundu umodzi udapezeka pansi pa maboma awiri. Mu 1896 asilikali a Angelezi adapha Gomani Woyamba. Mwana wake, Philip Gomani, adamanga likulu lake pa Lizulu. Iyeyu adakana Chitaganya mu 1953, boma lidamchotsa paufumu, ndipo adamwalira mu 1954. Mpaka lero Angoni akavala zikopa ndi nthenga, nanyamula zishango povina ngoma, amakumbuka mafumu amenewa.

Eklezia adafika m'dziko la Angoniwa mu 1901, pamene Abambo a Montfort adatsegula mishoni ya Nzama kwa mfumu Njobvuyalema. Kuchokera pamenepo mau a Mulungu adafalikira m'mapiri onsewo.

Dziko la Lizulu ndi lokwera ndi lozizira, choncho mbatata ya kachewere, kabichi, anyezi, matimati ndi nyemba zimabereka bwino. Tsiku la msika alimi a mbali zonse ziwiri amabwera ndi ngolo, njinga ndi madengu, ndipo magalimoto amanyamula zokololazo kunka nazo ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Onsewo alankhula chinenero chimodzi, ndipo ambiri ndi abale enieni. Pa nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha mu 1992, anthu zikwizikwi adaoloka msewu umenewu, ndipo a kuno adawalandira.

Koma pamene pali ndalama, mayesero sasowa. Wogulitsa wina amaika mbatata zazikulu pamwamba pa ndowa, zazing'ono ndi zowola nazibisa pansi. Wogula wina amadza ndi thumba lolisokerera kuti likule, nalipira mtengo wa thumba wamba. Winanso amanyenga mlendo wosadziwa kuwerenga ndalama za tsidya lina. Zonsezi ndi kuba, ndipo lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu likuletsa. Kulapa kokha sikukwanira: wakuba ayenera kubweza zimene adalanda, monga momwe angathere.

Mkhristu asaganize kuti chipembedzo chake chimatsala pakhomo la tchalitchi. Mlimi amene wanyengedwa pa thumba limodzi, ndiye yemweyo adzasowa feteleza ndi ndalama za sukulu za ana ake. Ndipo akunja amaweruza Eklezia poona muyeso wa Akhristu pamsika.

Akatekisiti afunse mafunso awa pa msonkhano wa Lamulungu:

1. Kodi malire a pa Lizulu adaikidwa liti, ndipo adawaika ndani?
2. Kodi ndi njira ziti zimene munthu angabe nazo pamsika popanda kupisa dzanja m'thumba la mnzake?
3. Kodi amene wanyenga mlendo wosadziwika kwawo angabweze bwanji?