Mapu Akonzeke Galimoto Isananyamuke

Wofunsa: Mayi, bungwe lathu latipatsa ntchito yowerenga mijigo m'boma la Chikwawa. Tikufuna kudziwa pamene mjigo uliwonse uli, ngati ukutulutsa madzi, ndi komiti imene ikuusamalira. Mafoni tagula, achinyamata okalemba tawapeza kale. Kodi si nkhani yongotsegula Google Maps tikafika?

Mlangizi: Mukafika kuti, achimwene? Pa Nchalo kapena pa Ngabu, m'mbali mwa msewu wa M1, netiweki muipeza. Mukalowa m'kati, m'midzi ina imangobwera n'kupita. Pamenepa anthu amasokoneza zinthu ziwiri. GPS ya m'foni sifuna bandulo, imamvera masetilaiti, ndipo manambala a malo ikupatsani ngakhale muli pakati pa tchire. Chimene chimafuna intaneti ndi chithunzi cha mapu chimene chimaoneka pansi pa kadontho kanu. Netiweki ikathawa mumatsala ndi kadontho kabuluu pa galasi loyera, popanda msewu, popanda mtsinje. Choncho mapu alowe m'foni mukadali mu ofesi.

Wofunsa: Nanga mapuwo tiwatenge kuti?

Mlangizi: Malire a maboma ndi a mafumu a ndodo mungawapeze pa MASDAP, malo a pa intaneti osungirapo mapu a dziko lino, kapena pa HDX, yomwe imayendetsedwa ndi ofesi ya United Nations yoona za ngozi, OCHA. A National Statistical Office ku Zomba ali ndi zigawo zimene anagwiritsa ntchito pa kalembera wa 2018. Misewu, mitsinje ndi nyumba tengani pa OpenStreetMap. Koma musadumphe ofesi ya zamadzi ya pa boma. Iwo amakhala ndi mndandanda wa mijigo, ngakhale utakhala wakale, ndipo alangizi a zaumoyo m'midzi amadziwa mjigo umene unafa kalekale. Zonsezi muziike pamodzi mu QGIS, pulogalamu yaulere ya pa kompyuta, muone ngati zikugwirizana.

Wofunsa: Zingalephere bwanji kugwirizana, poti dziko ndi lomwelo?

Mlangizi: Dziko ndi lomwelo, koma oyeza sanagwiritse ntchito muyezo umodzi. Zili ngati ndowa ziwiri zoyezera chimanga pamsika: zonse amati ndowa, koma mukathira m'thumba simupeza zofanana. Foni yanu imayeza malo pa dongosolo la WGS 84, limene mu QGIS nambala yake ndi EPSG:4326, ndipo imapereka madigiri. Mapu akale a pepala a ku Department of Surveys, aja a 1:50,000, anajambulidwa pa dongosolo la Arc 1950, ndipo manambala ake ndi mamita a UTM. Mukatenga manambala a pa mapu akalewo n'kuuza kompyuta kuti ndi a WGS 84, sikana ayi. Ijambula bwinobwino, koma mjigo uliwonse usuntha ndi mamita mazana angapo. Mjigo wa pa sukulu mukaupeza m'munda mwa munthu, wa m'mphepete mwa mtsinje muupeza m'madzi.

Wofunsa: Ndiye tingadziwe bwanji kuti fayilo imene atipatsa ili pa dongosolo liti?

Mlangizi: Yambani mwayang'ana manambalawo. Akakhala aang'ono okhala ndi dontho, monga -16.03 ndi 34.80, amenewo ndi madigiri. Akakhala aakulu, ina ya manambala asanu ndi limodzi, ina ya asanu ndi awiri, amenewo ndi mamita a UTM. Malawi yense ali mu zone 36 ya kumwera, ndipo pa WGS 84 nambala yake ndi EPSG:32736. Chovuta n'chakuti UTM ya Arc 1950 ndi UTM ya WGS 84 zimaoneka zofanana m'maso. Apa mufunse amene anakupatsani fayiloyo. Akanena kuti sakudziwa, sankhani malo atatu kapena anayi amene mukuwadziwa bwino, monga mlatho wa Kamuzu pa mtsinje wa Shire kapena chipatala cha pa boma, muone ngati madontho akugwera pomwepo pa chithunzi cha setilaiti. Onse akasunthira mbali imodzi ndi mtunda wofanana, vuto ndi muyezo.

Palinso kamzere kochotsera kaja. Ife tili kumwera kwa equator, ndiye latitude yathu imayamba ndi kamzereko. Lilongwe ali cha pa -13.98 ndi 33.78. Wina akakachotsa polemba mu Excel, Lilongwe amakagwera ku Sudan. Akasinthanitsa manambala awiriwo, amakagwera m'nyanja ya Atlantic kufupi ndi Morocco. Kusinthanitsaku kumachitika kawirikawiri chifukwa fayilo ya GeoJSON imayamba ndi longitude pamene fomu ya ODK, pulogalamu yolembera pa foni, imayamba ndi latitude. Zolakwika zazikulu choterezi ine sindiziopa, chifukwa zimaonekera pompopompo. Zimene zimandidetsa nkhawa ndi za mamita mazana angapo zija, chifukwa zimalowa mpaka mu lipoti popanda wozitulukira.

Wofunsa: Mnzanga wina wanditumizira fayilo yothera ndi .shp pa WhatsApp koma ikukana kutseguka.

Mlangizi: Wakutumizirani chidutswa. Shapefile imayenda ndi anzake: .shp, .shx, .dbf, komanso .prj imene imanena muyezo uja. Ilinso ndi khalidwe lodula mayina a mizati ya tebulo kuti asapitirire zilembo khumi, moti mizati iwiri yoyamba ndi mawu ofanana mumalephera kuisiyanitsa. Sungani zonse mu GeoPackage, fayilo imodzi yokwana zonse.

Wofunsa: Chabwino. Pa fomu ndaika kuti wokalemba azilemba yekha dzina la mudzi. Pali cholakwika?

Mlangizi: Pamenepo mudzalira. Anthu khumi akalemba dzina la mudzi umodzi, mudzapeza kalembedwe kosiyanasiyana: wina l, wina r, wina waika h, wina wamuiwala, wina walemba dzina la gulupu m'malo mwa la nyakwawa. Taonani dzina la boma lenilenilo, m'mafayilo ena lalembedwa Chikwawa, m'mafayilo ena Chikhwawa. Kompyuta imaona ngati ndi maboma awiri. Komanso mayina a midzi amabwerezeka, mudzi wa dzina lomwelo kwa T/A Lundu ungapezekenso kwa T/A Ngabu. Konzeranitu mndandanda wosankhapo, woti munthu akasankha T/A pazibwera magulupu a kumeneko okha, akasankha gulupu pazibwera midzi yake yokha. Pamapeto musiye mpata wa mudzi umene suli pa mndandanda, chifukwa mafumu atsopano amadzozedwa ndipo midzi imagawikana. Mndandandawo musanauike m'foni, khalani pansi ndi mlembi wa T/A auone.

Mjigo uliwonse muupatse nambala yakeyake yosasintha. Nambalayo iyambe ndi chilembo, monga CK0045, chifukwa Excel imameza maziro oyambirira n'kusandutsa 0045 kukhala 45. Mu XLSForm ya KoboToolbox kapena ODK, funso la malo a mjigo ndi geopoint. Mu ODK Collect mungathenso kuika fayilo ya GeoJSON ya mijigo yodziwika kale kuti wokalemba azingodina pa mapu mjigo umene waima pambali pake. Potero simudzakhala ndi mjigo umodzi wolembedwa katatu.

Wofunsa: Nanga chithunzi cha mapu chija chilowa bwanji m'foni?

Mlangizi: Mu QGIS mumachisandutsa fayilo ya MBTiles n'kuiika mu ODK Collect kapena KoboCollect. Ngati ntchito yanu ikufuna kujambula malire a minda kapena kukonza mapu muli komweko, QField imanyamula ntchito yonse ya QGIS kupita nayo m'foni. Musachite dyera ndi zoom. Mukakwera sitepe imodzi, tizidutswa ta mapu timachuluka kanayi, ndipo foni yotchipa imadzaza msanga. Dulani dera la ntchito lokha, n'kuonjezera kilomita imodzi kapena awiri m'mbali. Ponena za chilolezo, OpenStreetMap mungaigwiritse ntchito bola mulembe kuti zachokera kwa iwo, koma zithunzi za Google malamulo ake salola kuzikopera motero.

Musaiwale kuti mapu amakalamba. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anakokolola milatho ndi misewu kumwera kuno, ndipo mabanja ena anasamukira kumtunda. Chithunzi cha setilaiti chojambulidwa madzi asanasefukire chikusonyezani nyumba pamene lero pali mchenga. Njira ya ku East Bank, kutsidya kwa Shire, muifunse kwa madalaivala ndi a kabaza m'mawa wa tsiku lomwelo, makamaka nthawi ya dzinja.

Wofunsa: Achinyamatawa ndiwauze chiyani za katengedwe ka malo?

Mlangizi: Aime pa mjigo penipeni, pa chogwirira, kumwamba kukuoneka. Pansi pa mtengo wa mango kapena pa khonde la malata GPS imasokonezeka. Adikire mpaka foni isonyeze mamita asanu kapena kucheperapo. ODK Collect imayembekezera pamenepo ngati simunasinthe. Amene amatenga malo ali m'galimoto pothawa dzuwa la ku Chikwawa mudzamuzindikira, madontho ake onse amandandalika mumsewu. Manambala asungidwe ndi malo asanu pambuyo pa dontho. Digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 111, ndiye mukasiya malo awiri okha, mjigo ungakhale paliponse m'kati mwa kilomita yathunthu.

Wofunsa: Abwana akufuna mapu onse aikidwe pa intaneti kuti othandiza aziona. Tikufunanso kulemba pakhomo pa wapampando wa komiti iliyonse.

Mlangizi: Mjigo ndi wa anthu onse, uikeni. Khomo la munthu, dzina lake ndi nambala yake ya foni ndi zake, ndipo kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinthu zotere, Data Protection Act. Mupemphe chilolezo musanalembe, mumuuze chimene mukufunira, ndipo pa mapu a poyera zimenezo zisaoneke. Abwana anu auzeni kuti mafayilo akhala awiri, ina ya mu ofesi, ina ya kunja.

Wofunsa: Tikufuna kunyamuka Lolemba. Nthawi ikwana?

Mlangizi: Ikwana mukachita izi Lachisanu. Sonkhanitsani mafoni onse amene apite, muwaike pa airplane mode, mupite nawo pa mjigo wapafupi ndi ofesi. Aliyense atsegule mapu, atenge malo, adzaze fomu mpaka kumapeto. Mukabwerera yatsani intaneti, atumize, inu mutsegule mu QGIS muone ngati madontho onse aunjikana pa mjigowo. Foni imene dontho lake lapita kutali, kapena imene mapu ake sakutseguka, isakwere galimoto. Aliyense mumupatse pawabanki yodzaza ndi mapu osindikiza pa pepala a dera lake. Zikakanika Lachisanu, auzeni abwana kuti ulendo ukhala Lachitatu.