Phunziro 18: Kiyibodi yakale ya amalume

Amalume abwera kucokera ku Tete. Abwera ndi kiyibodi yakale. Kiyibodi ndi cinthu cimene timalembera pa kompyuta. M'Cipwitikizi timati teclado.

Kiyibodi iyi inafa. Siigwiranso nchito.

— Tiiponye m'dzenje, tiitenthe pamodzi ndi zinyalala, — atero atate.

— Ayi, alamu, taonani apa, — atero amalume.

Amalume atembenuza kiyibodi. Kunsi kwake kuli cithunzi ca cigubu ca zinyalala. Pa cigubupo alembapo mtanda. Cithunzico cikuti: musataye cinthu ici pa zinyalala.

Kiyibodi ndi ya pulasitiki. Pulasitiki akamapsa, amatulutsa utsi wakuda. Utsi umenewu ndi woipa. Umatsokomoletsa, umapweteka m'cifuwa. Phulusa lake limatsala m'nthaka, pomwe nkhuku zathu zimapalasa. Nanga tikaikwirira? Makoko a cimanga amaola. Pulasitiki amakhala zaka zambirimbiri osaola.

Amalume atsegula kiyibodi. Ine ndasuzumira. M'kati muli mphira wofewa. Muli kathabwa kakang'ono ka magetsi. M'cingwe cake muli waya wa mkuwa. Amalume aika zonsezi m'thumba. Mawa adzapita nazo ku msika, kwa bambo wokonza mawailesi ndi mafoni.

Mabatani a zilembo andipatsa ine! Alipo 26. Ndawatsuka ndi sopo, ndawayanika. Ndayala A, E, I, O, U pa mphasa. Ndalemba NYUMBA. Ndalemba MBUZI. Ndafuna kulemba AMAYI, koma ndalephera. A alipo mmodzi yekha! Agogo aseka kwambiri.

Mlongo wanga wamng'ono akukwawa. Iye amaika ciliconse m'kamwa. Batani likhoza kumutsamwa. Amayi aika mabatani m'citini. Atseka, aciika pamwamba. Lolemba ndidzapita naco kwa aphunzitsi.

Tiyankhe

1. Kodi atate anafuna kucita ciani ndi kiyibodi?
2. Cifukwa ciani amalume anakana?
3. Amayi anaika kuti mabatani?

Tilembe

Lembani m'kope: NYUMBA, MBUZI. Pezani mawu ena amene alibe zilembo ziwiri zofanana.

Kwa makolo

Werengani phunziro ili pamodzi ndi mwana wanu. Makiyibodi ena alibe cingwe, amayendera mabatire. Yambani mwacotsa mabatirewo. Musawaponye pa moto, cifukwa amaphulika. Batire lakale limacuca mankhwala owononga khungu ndi maso, conco mwana asaliseweretse, asalilume. Amene atsegule kiyibodi akhale munthu wamkulu.