Mwana Wosaona Bwino Sadandaula

Munthu wamkulu maso ake akayamba kuchita mdima, azindikira msanga, pakuti akumbukira m'mene anali kupenyera kale. Mwana alibe kale loti akumbukire. Iye ayesa kuti anzake onse aona bolodi mwachimbuuzi monga aonera iye, ndipo sadandaula. Tsono kusukulu amutcha waulesi, mwina kumukwapula kumene, chonsecho chovuta chili m'maso.

Nchifukwa chake maso a ana ayenera kuyesedwa, osadikira kuti mwana anene yekha. Kuyesako sikulira dokotala. Chipepala chija cha malembo aakulu pamwamba ndi aang'ono pansi anachikonza Herman Snellen wa ku Utrecht m'chaka cha 1862. Mwana aima pa mtunda wa mamita 6, natseka diso limodzi ndi chikhatho osalipanikiza, nawerenga mizere kutsikira pansi. Atatero atseka linzake. Wosadziwa kuwerenga amuonetsa chilembo cha E chotembenuzika mbali ndi mbali, iye naloza ndi zala kumene miyendo yake yapenya. Mphunzitsi kapena katekisiti sangavutike kuiphunzira ntchito imeneyi.

Kutseka diso limodziko ndiko kofunika koposa. Kawirikawiri diso lina liona bwino, nilibisa kufooka kwa linzake. Ubongo uzolowera kudalira lamphamvulo, nunyalanyaza lofookalo, ndipo mwana akapitirira zaka 7 kapena 8, kulidzutsa diso lotere kumavuta kwambiri, ngakhale atavala magalasi. Likapezeka msanga, achipatala amata diso labwinolo maola angapo tsiku ndi tsiku, kuti linzake laulesi lija likakamizike kugwira ntchito. Mwanayo amalira ndi kumatula, inde, koma makolo asamumvere chisoni chabodza.

Zilipo zina zosadikira chipepala. Kamwana ka m'diso, kakuda kaja, kakaoneka koyera, mwina ndi ng'ala, mwina khansa ya m'diso imene imapha ikachedwa. Mwana wotere apite naye kuchipatala sabata lomwelo, ngakhale ali wakhanda. Ng'ala sinthenda ya nkhalamba zokha: ana ena amabadwa nayo, ndipo amaichotsa pa chipatala cha maso cha Lions Sight First ku Blantyre. Wodwala chikuku afunika vitamini A kuti maso ake asachite zilonda, ndipo akafiira asamudonthezere madzi a zitsamba, pakuti angakulitse chilonda, diso nkufa.