Kuphunzitsa Bulu Popanda Chikwapu: Mafunso ndi Mayankho

WOULUTSA: Sabata yatha m'pulogalamu yathu ya ziweto, alangizi athu anangotchula podutsa kuti kunja anthu amaphunzitsa mahatchi ndi kachitsulo kolira kuti "ke", osagwira chikwapu n'komwe. Makalata ndi mauthenga a pafoni afika ambiri, makamaka ochokera kwa Njewa, ku Mpingu, ku Namitete, ku Nsaru ndi kwa Kabudula. Tiyambe ndi bambo ena a ku Nsaru. Iwo akuti: "Kuno kulibe mahatchi. Tili ndi abulu ndi ng'ombe za pangolo. Nkhaniyi ikutikhudza bwanji? Nanga kachitsuloko kali ndi mankhwala anji kuti nyama izimvera?"

MLANGIZI: Zikomo bambo, mwafunsa bwino. N'zoona, mahatchi m'dziko muno ndi owerengeka. Muwapeza pa phiri la Zomba, ku Kande m'boma la Nkhata Bay, ndi m'mafamu angapo. Koma bulu wanuyo ndi mbale wake wa hatchi, moti amatha kuberekana, mwana wake n'kukhala nyulu. Chimene hatchi angaphunzire, bulu amaphunziranso, ndipo ng'ombe nayo siitsalira.

Mankhwala palibe. Taganizani za nkhuku za pakhomo panu. Amayi akangogwira lichero n'kuyamba kupeta, zonse zimathamangira pamtondo. Ndani anazimenya kuti zidziwe? Zinangoona kuti phokoso la lichero limabwera ndi misere. Chiweto chilichonse chimabwereza chimene chachipindulira. Chovuta n'chakuti bulu sadziwa kuti mwamupatsa madeya chifukwa cha chiyani. Wanyamula mwendo, inu mukupisa dzanja m'thumba, pofika pomupatsa iye watsitsa kale mwendowo, wagwedeza makutu, wayang'ana kumbali. Pa zonsezi, mphotho ndi ya chiti? Ntchito ya kaphokoso kaja ndi yomweyo. Kamalira pa nthawi yeniyeniyo imene mwendo uli m'mwamba, ngati kumuuza kuti, "Chimenecho!" Madeya akafika mochedwerapo, iye wadziwa kale chimene wadyera.

Nzeruyi siinayambire pa mahatchi. Katswiri wa ku America, B. F. Skinner, analemba za njirayi mu 1951. Mayi wina, Karen Pryor, anaigwiritsa ntchito ku Hawaii pa nyama za m'nyanja zotchedwa dolphin, zimene simungazimange chingwe kapena kuzikwapula, ndipo buku lake la mu 1984 linaifalitsa kwambiri. Eni mahatchi anaitola pambuyo pake, makamaka Alexandra Kurland atatulutsa buku lake mu 1998. Koma ine chimene chimandigwira mtima chili pafupi nafe. Bwampini mukumudziwa. Ku Morogoro m'dziko la Tanzania, bungwe la APOPO limaphunzitsa abwampini kununkhiza mabomba okwirira pansi, pogwiritsa ntchito kachitsulo komweka ndi nthochi kapena mtedza. Abwampini amenewo anathandiza kuyeretsa minda ya ku Mozambique, dziko limene mu 2015 linalengeza kuti lathana ndi mabomba amene ankadziwika. Ngati bwampini anamva, bulu wa ku Nsaru angalephere?

WOULUTSA: Mayi ena a kwa Kabudula akuti: "Amuna anga anamwalira, anandisiyira abulu awiri. Ine mphamvu zowamenya ndilibe, ndipo sandimvera. Kachitsuloko ndikagule kuti, ndipo ndiyambire pati?"

MLANGIZI: Pepani mayi ndi zovutazo. Mphamvu simukuzifuna, ndipo musagule kanthu. Chivindikiro cha chitsulo cha botolo la jamu, chija chimalira mukachidina pakati, chikukwanira. Kapena lizani lilime kamodzi. Kungoti sankhani kaphokoso kamene bulu sanakamvepo pa ntchito, chifukwa oyendetsa ngolo ambiri amaliza kale lilime kapena likhweru pouza abulu kuti ayende. Kakhale kakafupi, kofanana tsiku lililonse.

Yambani ndi bulu mmodzi, winayo mum'mangirire patali. Iye akhale m'khola, inu kunja kwa mpanda. Ikani kabeseni pansi mbali yake. Lizani kamodzi, kenaka thirani madeya otapa ndi zala zitatu zokha. Akamaliza, lizaninso, thiraninso. Chitani kakhumi kapena kakhumi ndi kasanu, mum'siye. Pakatha masiku awiri kapena atatu mudzaona kuti mukangoliza, makutu aimirira, mutu waloza kubeseni. Apo wamva.

Kenaka tengani botolo la pulasitiki, mulisomeke ku ndodo, muliike pafupi ndi mphuno yake. Bulu ndi wachidwi, adzalinunkhiza. Mphuno ikangokhudza, lizani, thirani madeya. Mawa lisunthireni kumanja, kumanzere, pansi, kenaka patsogolo pang'ono kuti aponde phazi limodzi polifuna. Mukafika pamenepo muli ndi bulu wotsata botolo kulikonse, kaya kulowa m'khola, kaya kuima pambali pa ngolo. Mawu akuti "tiye", "ima", "bwerera" muwawonjezere pamene wayamba kale kuchita chinthucho mosaphonya, muziwanena atatsala pang'ono kuchichita. Mphindi zisanu pa nthawi imodzi n'zokwana. Ndipo lamulo limodzi musaliphwanye mayi: mukaliza, perekani. Ngakhale mwaliza molakwitsa, perekani ndithu, kuti kaphokosoko kasasanduke bodza.

Za madeya, akhale ouma, opanda chuku. Onse a tsiku limodzi asapitirire manja awiri kapena atatu. Bulu mimba yake ndi ya udzu ndi mapesi. Chimanga chikachuluka chimam'potokola m'mimba, ndiponso chimatupitsa m'kati mwa ziboda mpaka kulephera kuponda. Abulu ena amakondanso kukandidwa pamene khosi lakumana ndi msana, ndipo imeneyonso ndi mphotho yosalira ndalama.

WOULUTSA: Mnyamata wina wa ku Namitete walemba modandaula. Akuti: "Ndinayesa sabata yomweyo. Tsopano bulu akundilondola paliponse, akufwenkha m'matumba, dzulo wandiluma chala. Njira yanuyi yandiwonongera chiweto."

MLANGIZI: Achimwene, pepani ndi chalacho. Chitsukeni bwino ndi sopo, ndipo ngati khungu linang'ambika pitani kuchipatala lero lomwe, musadikire. Koma bulu wanu sanawonongeke. Waphunzira msanga chimene inu munam'phunzitsa mosadziwa. Tsiku lina anafwenkha m'thumba, inu n'kutulutsa madeya. Kwa iye, kufwenkha kunalipira.

Bwererani kuseri kwa mpanda. Imani phee, madeya ali m'thumba, manja muwasunge. Adzasuzumira, adzatambasula khosi, adzavutika. Musam'menye, musalankhule. Nthawi ina adzatopa n'kutembenuza mutu kuyang'ana kutsogolo. Pomwepo lizani, muthire m'beseni, kutali ndi thupi lanu. Bwerezani. Posachedwa adzazindikira kuti chakudya chimabwera mutu ukachoka pa inu. Phunziro limeneli ine ndimaliika patsogolo pa onse pakhomo pamene pali ana. Chinanso, musam'phunzitse ali ndi njala. Ayambe wadya udzu, wamwa madzi. Ena amaganiza kuti chiweto chanjala chimamvera bwino, koma chimangolimbirana chakudya, mutu suli pa phunziro.

WOULUTSA: Funso ili labwera kangapo, ndiwerenga la bambo ena a ku Nambuma. Akuti: "Alangizi, ife nthawi tilibe. Dzinja tili kumunda, masika ngolo ili pamsewu. Tiphunzitse liti?"

MLANGIZI: Bambo, chaka chathu chomwechi ndicho chimatigawira maphunziro. Nyengo iliyonse ili ndi zake.

Ine ndimati yambani dzinja. Kuyambira Disembala mpaka Malichi misewu ya kumudzi ndi matope, ngolo siiyenda kwambiri, ndipo abulu amakhala omangirira poopa kudya mbewu za anthu. Amakhala pafupi, osowa chochita. Mphindi zisanu musanapite kumunda, zina zisanu pobwera. Ino ndi nthawi ya botolo lija, komanso ya phunziro limene ndimalikonda koposa, lonyamula mwendo. Bulu ndi nyama ya kumalo ouma. Akaima m'matope masiku ambiri ziboda zimafewa, pansi pake pamaola n'kumanunkha. Muyenera kumazitokosa tsiku ndi tsiku, koma ndi angati angayerekeze kugwira mwendo wam'mbuyo wa bulu? Choncho gawani ntchitoyo tizidutswa. Lero mungosisita phewa, akaima phee, lizani. Mawa dzanja lifike pabondo. Mkuja pa chiboda. Akangopepukitsa mwendowo pang'ono, lizani, ngakhale sunachoke pansi. Akasuntha kapena kupinda makutu m'mbuyo, ndiye kuti mwafulumira, bwererani pamene anali womasuka. Ndipo m'khola mukhale denga ndi malo ouma, chifukwa ubweya wa bulu suletsa mvula monga wa hatchi.

Ikafika Epulo ndi Meyi ntchito yachuluka. Chimanga, mtedza, soya, mabelo a fodya opita kokakwera galimoto la ku Kanengo. Musayambitse zatsopano apa. Ingolipirani zimene akudziwa kale: kuima bwino pomangidwa, kudikira pamene mukupakira, kubwerera m'mbuyo ndi mawu okha. Mudzaona kuti simukulizanso pa chilichonse. Chinthu akachidziwa bwino, mawu amakwana, ndipo kachitsulo mumakasungira maphunziro atsopano.

Juni ndi Julayi, m'chisanu, madeya ali mbwee, mapesi ali m'munda, kunja kukuzizira. Ino ndi nyengo yabwino ya ana a abulu. Azolowere chingwe, lamba, kulira kwa ngolo yopanda katundu, koma kukoka katundu adikire mpaka zaka zitatu kapena zinayi, mafupa atakhwima. Bulu wosamalidwa amatha kufika zaka 30, ndiye kuthamangira chaka chimodzi n'kudzitayitsa zaka zambiri.

Mwezi wa Okutobala ndiye wovuta. Dzuwa likuswa mtengo, msipu wapsa, ngolo zikututa njerwa, mchenga ndi manyowa. Phunzitsani m'bandakucha kapena dzuwa litapendeka, mwachidule, atamwa madzi. Bulu akaonda, siyani maphunziro, yambani mwam'dyetsa. Amene anasunga mapesi ndi zotsalira za mtedza pa nthawi yokolola, mwezi umenewu savutika.

WOULUTSA: Bambo ena a ku Mpingu akuti: "Abulu anga akafika pamsewu wa tala wa ku Mchinji amangoima nji, magalimoto akuluakulu akudutsa. Pamenepo nditulutse madeya? Popanda chikwapu tingafe tonse."

MLANGIZI: Bambo, mantha anuwo ndi oona, msewu umenewo si wosewera nawo. Pakati pa msewu si pophunzitsira. Zikatero tsikani, agwireni kumutu, muwatulutse. Koma tiyeni tione chimene chikuchitika. Hatchi akaopa amathawa. Bulu akaopa amauma thupi n'kuima kuti aone bwino. Ife timati makani, pamene iye ali ndi mantha. Mukam'kwapula pamenepo, mwam'tsimikizira kuti pamsewu pamapweteka, ndipo mawa adzayamba kuima akadali patali.

Tsiku lopanda ntchito, mupite nawo wapansi, opanda ngolo, mmodzimmodzi. Imani patali ndi msewu, pamene akumva magalimoto koma akuthabe kudya. Lole ikadutsa iye ali phee, lizani, m'patseni. Mawa senderani mapazi angapo. Akakana madeya, dziwani kuti mwayandikira kwambiri. Zitha kutenga sabata ziwiri kapena mwezi. Chimodzimodzi ndi njinga zamoto za kabaza.

Musanayambe zonsezi, yang'anani pakhosi pawo. Apa ndilankhule mosabisa, chifukwa zimandiwawa. Ngolo zambiri za kwathu kuno zinapangidwira ng'ombe, ndipo timangotenga goli la ng'ombe n'kuliika pa abulu. Ng'ombe ili ndi linunda ndi khosi lolimba. Bulu alibe, mphamvu zake zili pachifuwa. Goli limam'khula khosi mpaka chilonda, ndipo m'mawa mwake timaliikanso pa chilonda chomwecho. Ndinaonapo bulu wotchedwa waulesi mudzi wonse, titachotsa goli tinapeza bala lofiira lotalika ngati chikhatho. Bulu amabisa ululu, salira ngati mbuzi. Palibe kachitsulo kamene kangayendetse chiweto chomva kupweteka. Pezani lamba wotambalala wa pachifuwa, woyalidwa nsalu yofewa. Chilonda chitsukeni ndi madzi a mchere owiritsa, musapakepo oyilo wa galimoto, ndipo apume mpaka chipole. Funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu, kapena a bungwe la LSPCA la mu Lilongwe, limene limasamalira nyama, abulu omwe.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, koma agogo ena a kwa Njewa afunsa mwachidule. Akuti: "Ng'ombe zanga zakula, zalima zaka zisanu ndi mkwapulo. Zingasinthe?"

MLANGIZI: Zingasinthe agogo, kungoti zidzayamba mokayika. Chiweto chozolowera kumenyedwa chimaopa kuyesa chatsopano, chimangoima kudikira. Masiku oyamba musapemphe kanthu. Siyani mkwapulo m'nyumba, khalani pafupi ndi khola, lizani, thirani madeya. Ng'ombe ikakuyang'anani, lizani. Ikasendera phazi limodzi, lizani. Botolo libwere pambuyo. Samalani ndi nyanga, muzithira m'beseni, mpanda uli pakati. Ndipo zidzukulu zonse zimene zimagwira ng'ombezo muzikhazike pansi, mugwirizane kaphokoso kamodzi ndi mawu amodzi, chifukwa wina akamaliza chivindikiro m'mawa, wina n'kukwapula masana, ng'ombe imasokonezeka. Yambani ndi imene ili yofatsa. Inzake idzakhala ikuonerera.

WOULUTSA: Makalata okhudza nkhupakupa ndi dibi tawasunga, tidzawerenga sabata ya mawa nthawi ngati yomweyi.